LAKISI, MUDZI WA LINGA PA PHIRI

Mkristu ali yense adziwa Yerusalemu, ndi Betelehemu, ndi Nazarete, pakuti maina awa tiwamva kuyambira ubwana wathu. Koma mukafunsa m'kalasi, kapena ngakhale pa msonkhano wa akulu a Mpingo, kuti Lakisi ali kuti, ambiri angoyang'anana. Komatu masiku a mafumu a Yuda mudzi umenewu unali waciwiri kwa Yerusalemu, ndipo dzina lace lipezeka m'Cipangano Cakale koposa ka 20. Iri yowerengeka midzi ya m'Buku Lopatulika imene tidziwa bwino kugwa kwace monga tidziwa kugwa kwa Lakisi, cifukwa pa mlandu wace pali mboni zitatu: Malembo, nthaka ya phiri lomwelo, ndi zithunzi zimene adani ace anasema pa miyala. Cilamulo ca Mose cifuna mboni ziwiri kapena zitatu kuti mlandu ukhazikike (Deuteronomo 19:15). Tiyeni tsono tizimve mboni izi, ndipo titatero tidzakwera phirilo monga akwera alendo a masiku ano.

Lakisi ali kumwera ca kumadzulo kwa Yerusalemu, ulendo wa makilomita ngati 40. Dziko la Yuda liri ndi mapiri atali kum'mawa, ndipo kumadzulo kuli cigwa ca kunyanja kumene anakhala Afilisti. Pakati pace pali dziko la zitunda zazing'ono ndi zigwa za nthaka yabwino, limene Ahebri analicha Sefela, ndiko kunena cidikha. Nkhondo yocokera ku Aigupto kapena kwa Afilisti, pofuna kukwera ku Hebroni ndi ku Yerusalemu, inayenera kudzera m'zigwa zimenezi, ndipo Lakisi anaima pakhomo pa cimodzi ca izo monga mlonda.

Phirilo silinalengedwa lonse monga liri lero; mbali yace ina anaiunjika ndi anthu. Nyumba za kumeneko zinali za njerwa zosaocha. Mudzi ukatenthedwa kapena kugwa, obwera pambuyo sanacotsa zogumukazo, koma anangosalaza, namanga pamwamba pace. Motero mudzi unakwera pa mudzi, mbadwo ndi mbadwo, monga culu cikula ndi nchito ya ciswe. Phiri lotere licedwa tel m'Cihebri, ndipo Aarabu analicha ili Tell ed-Duweir. Pamwamba pace mpa maekala ngati 18 okha. Alipo alimi a ng'ombe amene alima munda woposa pamenepo. Ophunzira ayesa kuti anthu okhalamo masiku a Hezekiya anali ngati 2,000. Unali mudzi waung'ono m'maso athu, koma wolimba kwambiri, pakuti zigwa zakuya ziuzinga mbali zonse, kupatula pa ngodya ya kumwera ca kumadzulo, pamene phirilo ligundana ndi citunda cinzace. Musaiwale ngodya imeneyo.

Masiku a Akanani

Asanafike Aisrayeli, Lakisi anali mudzi wolemera wa Akanani. M'caka ca 1887 anapeza ku Amarna, m'dziko la Aigupto, makalata olembedwa pa dothi, amene mafumu ang'ono a ku Kanani anatumiza kwa Farao zaka zoposa 1,300 asanabadwe Kristu. Ena a makalatawo anacokera kwa mafumu a ku Lakisi.

Koma cinthu ca Akanani condikondweretsa koposa ndi kacipeso ka mnyanga wa njobvu, kotalika ngati theka la cala, kamene anakafukula pa phirilo masiku athu ano, nalengeza za iko m'caka ca 2022. Pa kacipesoko pali zilembo 17, zopanga mau 7, ndipo ophunzira aganiza kuti zinalembedwa ca m'ma 1700 B.C. Ati ndico ciganizo cathunthu cakale koposa cimene capezeka m'zilembo za Akanani, zimene ziri makolo a zilembo muli kuwerengazi. Kapena muyembekeza kuti mau akale otere anali pemphero, kapena lamulo la mfumu. Iai. Mwini cipeso anangokhumba kuti cimcotsere nsabwe m'tsitsi ndi m'ndebvu. Ndipo poyang'ana ndi galasi lokuza zinthu anapeza zotsala za nsabwe pa dzino lina la cipesoco. Munthu wa cuma, wokhoza kugula mnyanga wocokera kutali, anali kudzikanda monga mwana wa m'mudzi.

Pa Yoswa 10 tiwerenga kuti Yafiya, mfumu ya Lakisi, anali mmodzi wa mafumu asanu amene anapangana kuthira nkhondo Gibeoni, ndi kuti Yoswa analanda Lakisi tsiku laciwiri. Ofukula apezadi kuti mudzi wotsiriza wa Akanani unatenthedwa wonse, ca pakati pa 1150 ndi 1130 B.C., ndipo unakhala bwinja zaka ngati 200. Ophunzira sabvomerezana za amene anautentha. Ena ati Aisrayeli, ena ati anthu a kunyanja, abale a Afilisti. Phulusa licita umboni kuti panali moto, koma silichula dzina la woyatsa. Mlaliki asalinenetse phulusalo zoposa zimene linena lokha.

Linga la mafumu a Yuda

Ufumu utagawanika, Rehabiamu mwana wa Solomo analimbitsa midzi 15 ya malinga, ndipo Lakisi ali m'gulu limenelo (2 Mbiri 11:5-10). Pambuyo pace mfumu Amaziya, atamcitira ciwembu m'Yerusalemu, anathawira ku Lakisi. Koma anamtsata komweko namupha, nabwera ndi mtembo wace pa akavalo (2 Mafumu 14:19, 20). Linga licinjiriza munthu kwa adani a kunja, koma amene anapha Amaziya anali anthu ace omwe.

Akulu athu amene anamva kwa makolo ao za masiku a nkhondo adziwa linga la mitengo ndi dothi. La ku Lakisi linali la mtundu wina. Pofika nthawi ya Hezekiya panali makoma awiri: lina lozinga phiri pakati pa citunda, ndi lina pamwamba, la njerwa pa maziko a miyala, locindikala mamita ngati 6. Cipata cinali cimodzi, ca makomo awiri. Wolowa anayamba kudzera pa khomo la kunja, nafika pabwalo lochingidwa, napotoloka kulowa khomo la m'kati, limene linali ndi zipinda 6, zitatu mbali iyi, zitatu mbali inayo. Pakati pa mudzi panali nyumba ya kazembe wa mfumu, yomangidwa pa ciunda ca miyala ca mamita 76 m'litali ndi 36 m'lifupi, ndipo patsogolo pace bwalo lalikuru ndi nyumba zimene ambiri aziyesa makola a akavalo. Mneneri Mika, amene kwao ku Moreseti kunali m'cidikha momwemo, pochula Lakisi anachulanso akavalo ndi gareta, naudzudzula mudziwo kuti cimo linayambira mwa iwo (Mika 1:13). Madzi anatunga m'citsime cakuya mamita 44, pa ngodya ya kumpoto ca kum'mawa.

M'caka ca 2016 ofukula analengeza cinthu cacilendo cimene anapeza m'cipinda cina ca pacipata. Munali maguwa a nsembe awiri ang'ono, nyanga zace zodulidwa dala. Ndipo pangodya panali mwala wosema wa cibowo pakati, ndiwo mpando wa cimbudzi. Poyesa dothi la pansi pace sanapeza cizindikilo cakuti munthu anaugwiritsa nchito. Ofukulawo aganiza kuti anauika m'menemo kungodetsa malowo, kuti anthu asapembedzemonso, monga anacita Yehu ndi nyumba ya Baala (2 Mafumu 10:27), ndi kuti izi zinacitika pamene Hezekiya anacotsa misanje (2 Mafumu 18:4). Alipo ena amene akana kumasulira kumeneku, koma mwalawo ndi maguwawo alipo.

Nkhondo ya Sanakeribu

Masiku amenewo ufumu wa Asuri unali woopsa koposa maufumu onse, ndipo Yuda anali kupereka msonkho kwa iwo. Atafa Sarigoni mfumu ya Asuri m'caka ca 705 B.C., Hezekiya analeka kupereka. Anadziwa cimene cidzatsata, nakonzeratu. Pa Lakisi pokha papezeka zigwiriro za mitsuko yaikuru zoposa 400, zodindidwa cizindikilo cakuti ndi za mfumu. M'mitsuko imeneyo anasunga mafuta, vinyo ndi zakudya za asilikari. M'caka ca 701 B.C. Sanakeribu anafika ndi khamu lace, ndipo sanalunjika ku Yerusalemu, koma anayamba wamanga misasa yace pa Lakisi (2 Mbiri 32:9).

Malembo sanena kanthu za kumenyana kwa pa Lakisi. Angoti mfumu ya Asuri inali pamenepo, ndi kuti pambuyo pace inacokapo kunka ku Libina (2 Mafumu 19:8). Zimene zinacitika pakati pa mau awiriwa tizimva kwa mboni zinazo.

Iyambe nthaka. Asuri anaona ngodya ija ya kumwera ca kumadzulo, nayamba kuunjikapo miyala kuti apange njira yokwera kufikira ku khoma. Buku Lopatulika lichula cinthu cotere mtumbira, dzina lomwe tichula nalo mtumbira wa mbatata. Koma uwu unali wa mamita ngati 70 m'tsinde mwace. Ophunzira a ku Hebrew University anawerengera m'caka ca 2021 kuti munalowa miyala ngati 3,000,000, uli wonse wolemera makilogalamu ngati 6 ndi theka, yopatsirana dzanja ndi dzanja pa mizere ya anthu, ndi kuti pogwira usana ndi usiku nchitoyo ikadatha masiku ngati 25. Lingalirani za anthu a m'lingamo. M'mawa uli wonse anasuzumira pakhoma, naona kuti mtumbira wasendera. Sanakhala manja lende: anatuta dothi ndi zogumuka za m'mudzi, naunda mtumbira wao m'kati mwa khoma, popenyana ndi wa adani, kuti khoma likabooledwa akhale ndi poima pena pamwamba. Mitumbira yonse iwiri iripo kufikira lero, ndipo wa Asuriwo ndiwo wakale koposa mwa mitumbira ya nkhondo imene yapezeka.

Pamene panali kumenyana koopsa anatolapo misonga ya mibvi yoposa 800, yambiri yacitsulo, ina yopindika cifukwa ca kulasa khoma, ina ya mafupa. Anapezanso miyala yoburungika ya zoponyera, ndi cidutswa ca unyolo wacitsulo, umene ayesa kuti a m'linga anautsitsa kuti akole nao mutu wa cogumulira. M'nyumba za m'mudzi, pali ponse anakumba, anapeza phulusa ndi njerwa zofiira ndi moto. Ndipo m'mapanga a kumadzulo kwa phiri anapeza mafupa a anthu ngati 1,500, amuna, akazi ndi ana, otayidwa pamodzi mosalongosoka. Ambiri aganiza kuti ndiwo anafa m'nkhondo imeneyi.

Mboni yacitatu ndiye mdani mwini. Atabwerera kwao ku Nineve, Sanakeribu anamanga nyumba yacifumu yaikuru, napatula cipinda cimodzi, nakuta makoma ace ndi miyala yosema yoposa msinkhu wa munthu, yoonetsa kugwa kwa Lakisi. Nineve anapasuka m'caka ca 612 B.C., ndipo zithunzizo zinakwiririka zaka zoposa 2,400, kufikira Austen Henry Layard wa ku England anazifukula pafupi ndi mzinda wa Mosul, m'dziko la Iraq, ca m'ma 1850. Lero ziri ku British Museum, mu London. Dzina la Lakisi lalembedwa pa mwala pomwepo, kotero palibe cikaiko za mudzi umene zionetsa.

Pa miyalayo muona mizere ya oponya mibvi, ndi oponya miyala, ndi a nthungo. Muona zogumulira, ndizo magareta ophimbidwa okhala ndi mtengo wa msonga yacitsulo, zirikukwera mtumbira. A m'linga alikuponya miyala ndi miuni yamoto, ndipo m'cogumulira muli msilikari wa cikho ca mpini wautali, alikuthira madzi kuti cisapse. Kunsi kwa cipata amuna atatu apyozedwa pa mitengo. Ena agonekedwa pansi kuti awasende khungu. Sanakeribu wakhala pa mpando wacifumu, akuru ace aima pamaso pace, ndi andende agwada. Nkhope yace inaphwanyidwa dala ndi munthu wina, kapena pa tsiku lija Nineve anagwa.

Koma diso langa libwerera nthawi zonse ku mzere wa anthu oturuka pa cipata. Akazi abvala nsaru zazitali zofunda kumutu, asenza timatumba pa mapewa. Mwamuna alikucititsa ng'ombe zokoka gareta, nthiti za ng'ombezo zioneka, ndipo pa katundu pakhala akazi ndi ana. Ngamila yasenzetsedwa katundu wa banja. Pozungulira pao wosemayo anajambula mipesa ndi mikuyu ya dziko limene alikulisiya. Iye anafuna kukuza mbuye wace. Koma potero anatisungira maonekedwe a anthu wamba a Yuda a masiku a Yesaya, zobvala zao, ndi zimene munthu anyamula akauzidwa kuti sadzaonanso kwao.

M'mbiri yace yolembedwa Sanakeribu adzitama kuti analanda midzi ya malinga 46, natenga anthu 200,150, natsekera Hezekiya m'Yerusalemu monga mbalame m'khola. Mafumu a Asuri anazolowera kukuza ziwerengero, ndipo tisalandire zonse monga ziri. Komabe pa zina abvomerezana ndi Malembo. Hezekiya anatumiza mau ogonja ku Lakisi, nalipa matalente 30 a golidi. Ciwerengero cimeneci ciri cimodzimodzi mbali zonse ziwiri, ngakhale pa siliva Malembo ati 300 (2 Mafumu 18:14) ndipo Msuri ati 800. Ndipo onani ici: Sanakeribu sanena konse kuti analanda Yerusalemu. Akadamlanda, cipinda cija cikadaonetsa Yerusalemu. Anakongoletsa makoma ace ndi mudzi waciwiri cifukwa woyamba unamkanika.

Apa pali funso limene sitiyenera kulilumpha. Tikonda kulalikira 2 Mafumu 19, za pemphero la Hezekiya, ndi za mngelo amene anakantha misasa ya Asuri usiku. Ndipo tiyenera kutero, pakuti cinali cipulumutso cacikuru. Nanga a ku Lakisi? Iwonso anali a Yuda, a pansi pa mfumu yabwino yomweyo. Amene anaganiza zoleka msonkho anali ku Yerusalemu. Amene anapyozedwa pa mitengo anali ku Lakisi. Wina adzati, Mika anaudzudzula mudziwo. Inde, koma Mika yemweyo anadzudzula Yerusalemu ndi mau oposa (Mika 3:9-12). Sitingathe kunena kuti opulumuka anali olungama ndi akufa anali oipa. Ambuye Yesu anakana kuwerengera kotere pamene ananena za anthu 18 amene nsanja ya m'Siloamu inawagwera (Luka 13:4, 5). Pakati pathu cizolowezi cimeneci cikalipo. Matalala akaononga munda wa mnansi nasiya wathu, nthenda ikalowa m'mudzi wa tsidya nilambalala wathu, msanga tifuna cimo kapena ufiti umene unaitana tsokalo, ndipo ticedwa kunyamula dengu la cimanga kunka nalo kumeneko. Woyamika Mulungu cifukwa ca Yerusalemu aziliranso Lakisi.

Ndipo akulu anati, caona mnzako capita, mawa ciri pa iwe. A ku Yerusalemu anayamba kuyesa kuti mudzi wao sungagwe konse popeza muli Kacisi, ndipo Yeremiya analimbana nao pa cinyengo cimeneci (Yeremiya 7). Zitapita zaka 115, tsoka la Lakisi linawafikira.

Makalata a pa cipata

Lakisi anakhala bwinja zaka zambiri, ndipo anamangidwanso, koma wocepa mphamvu, wa cipata cacing'ono. Pamene Nebukadinezara mfumu ya ku Babulo anadza kudzathira nkhondo Zedekiya, inafika nthawi imene midzi ya malinga yotsala kunja kwa Yerusalemu inali iwiri yokha, Lakisi ndi Azeka (Yeremiya 34:7).

M'caka ca 1935 ofukula anapeza m'phulusa la kacipinda ka alonda, pa khomo la kunja, mapale 18 olembedwa ndi inki m'Cihebri; mu 1938 anapezanso 3. Masiku amenewo phale la mtsuko wosweka linali pepala la munthu wamba. Ambiri a mapalewo ndi makalata opita kwa Yaush, amene aoneka kuti anali mkuru wa asilikari pa Lakisi, ndipo imodzi ichula wolemba wace, Hoshayahu, kapitao wa kagulu ka alonda kwina kunja kwa mudzi. Alonjera mbuye wace m'dzina la Yehova, ndipo m'makalata ena wolemba adzichula garu, monga anadzicepetsa anthu a nthawi imeneyo pamaso pa akuru. M'kalata ina Hoshayahu adandaula kuti mbuye wace wamuyesa wosadziwa kuwerenga, nalumbira kuti sanafunepo munthu womwerengera kalata. Nkhondo iri pakhomo, koma munthu apwetekedwa mtima cifukwa ca kupeputsidwa! M'kalata yomweyo anena za kazembe wa nkhondo amene watsikira ku Aigupto, ndi za cenjezo locokera kwa mneneri wina wosachulidwa dzina. Tisafulumire kunena kuti mneneriyo ndiye Yeremiya, pakuti aneneri anali ambiri masiku aja. Kalata inanso idandaula za mau ofoketsa manja a anthu, ndiwo mlandu womwe akuru ananenera Yeremiya (Yeremiya 38:4).

Kalata yodziwika koposa ndi yacinai. Wolemba auza mbuye wace kuti iye ndi anzace alikuyang'anira zizindikilo za moto za ku Lakisi, popeza Azeka sakumuona. Midzi ya malinga inali kuuzana za nkhondo ndi moto ndi utsi pamwamba pa mapiri (Yeremiya 6:1). Ambiri amva kalatayi kuti moto wa Azeka unali utazima, ndiko kuti mwa midzi iwiri ija ya Yeremiya unatsala umodzi. Ena ati mlondayo anangokhala pa malo pamene Azeka saoneka cifukwa ca zitunda. Kungakhale kotani, posacedwa Lakisi anatenthedwa, ca m'ma 586 B.C., ndipo denga la kacipinda kaja linagwera makalatawo. Ena a iwo ali ku London, ena ku Yerusalemu.

Obwera kucokera ku ukapolo anakhalanso pa Lakisi (Nehemiya 11:30), ndipo masiku a Aperisi pa ciunda cija panamangidwa nyumba ya bwanamkubwa. Koma zaka zoposa 100 asanabadwe Kristu anthu analisiya phirilo, ndipo Cipangano Catsopano sicichula Lakisi konse.

Amene anafukula

Malo ace anaiwalika, kotero kuti ophunzira oyamba anayesa phiri lina, Tell el-Hesi, kuti ndilo Lakisi. W. F. Albright ndiye analoza Tell ed-Duweir m'caka ca 1929. James Starkey wa ku England anafukulapo kuyambira 1932, ndiye anapeza makalata aja. Koma pa 10 January 1938 anaphedwa ndi anthu a mfuti panjira pafupi ndi Hebroni, ali pa ulendo wa ku Yerusalemu. Nchito yolongosola ndi kusindikiza zonse zimene anapeza inagwera mkazi wina wa m'gulu lace, Olga Tufnell, amene anaigwira zaka 20. Starkey anayesa kuti phulusa lalikuru lija linali la Ababulo, la 597 B.C.; Tufnell, atapenda mapale, ananena kuti ndi la Sanakeribu. Amuna ochuka ambiri anamtsutsa. David Ussishkin wa ku Tel Aviv University anafukulanso phirilo kuyambira 1973 kufikira 1994, nazindikira mtumbira wa Asuri, natsimikiza kuti mai uja ananena zoona. Gulu lina linafukula kuyambira 2013 kufikira 2017, ndilo linapeza kacipeso kaja.

Kukwera phirilo

Alendo acikristu opita ku dziko lija athamangira ku Betelehemu ndi ku Galileya, ndipo magalimoto ao ambiri sapatukira ku Lakisi. Wina wa inu akapeza mwai wa ulendo wotere, apemphe wotsogolera kuti apatule theka la tsiku. Ayambe wafunsitsa za mtendere wa panjira, pakuti dzikolo laona nkhondo kawiri kawiri, monga ija inayamba mu October 2023, ndipo Gaza sali kutali ndi Lakisi. Mvula ya kumeneko igwa miyezi yomwe igwa kwathu, koma kumeneko ndiyo nyengo yacisanu. Kuyambira June kufikira September dzuwa liocha kwambiri, ndipo pa phiri mthunzi ngwocepa. Miyezi yabwino ndi February, March ndi April, pamene zitunda ziri zobiriwira ndi maluwa ofiira aphuka m'chire. Nyamulani madzi akumwa, ndi cipewa, ndi nsapato zolimba, ndi Buku lanu.

Kucokera ku Yerusalemu ndi ulendo wa ora limodzi pa galimoto. Njira yotsikira ku cidikha idzera pa cigwa ca Ela, pamene Davide anakomana ndi Goliati, ndipo pamenepo muona phiri la Azeka. Lakisi tsopano ndi malo osungidwa ndi boma la Israel. Mufikira pa ngodya ija ya kumwera ca kumadzulo, ndipo cinthu coyamba kucipenya ndi mulu waukuru wa miyala wotsamira phiri: umenewo ndiwo mtumbira wa Sanakeribu. Wosauzidwa angaupitirire, nauyesa miyala wamba. Imani pamenepo muwerenge Yesaya 36.

Mukwera ndi njira yakale yopita ku cipata, khoma liri ku dzanja lanu lamanja. Omanga anacita dala: msilikari agwira cikopa ndi dzanja lamanzere, motero mdani wokwera njira iyi anaonetsa mbali yace yosachingika kwa oponya mibvi a pamwamba. Cipata anacimanganso pang'ono kuti mlendo aone maonekedwe ace, ndipo pa khomo la kunja muona malo a kacipinda ka makalata. M'katimo mulibe nyumba yoimirira. Muli udzu, ndi maziko, ndi ciunda cacikuru cija. Kwerani pamwamba pace. Kumadzulo muona cigwa ca Afilisti, kum'mawa mapiri a Hebroni, ndipo mudzazindikira msanga cifukwa cace mafumu analimbirana kaphiri aka. Citsime ciri kutsidya, pa ngodya ya kumpoto ca kum'mawa. Amene sangathe kufika ku London akaone cifanizo ca zithunzi za ku Nineve ku Israel Museum, mu Yerusalemu.

Kumpoto kwa phiri kunali mudzi wa Aarabu, al-Qubayba, umene anthu ace anagwira nchito yofukula pamodzi ndi Starkey. Mudziwo unatsala bwinja pa nkhondo ya 1948, eni ace atathawa. Pa citunda ca kumwera ca kumadzulo, pamene Ussishkin aganiza kuti panali misasa ya Asuri, pali mudzi wa alimi aciyuda wokhazikitsidwa mu 1955, wochedwanso Lakisi. Mbeu yao yaikuru ndi mphesa zakudya, ndipo minda yace yafika mpaka m'tsinde mwa phiri, m'zigwa zomwe zija wosema wa ku Nineve anajambulamo mipesa.